Nkhope Yako pa Khoma la Omwalira

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe, mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinkamuvuta wamng'onoyo chinatha? Nanga mlamu wanga akupitirizabe ntchito ya kuchipatala? Kuno ine ndi alamu ako tadzuka, ana akupita kusukulu, ndipo kuhotela ntchito ndi yomwe ija, kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi mpaka msana kuuma. Za amayi ndinena m'munsimu. Ukhale pansi kaye.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala ngati munthu wakale. Pafoni sundilola kumaliza mawu. Ndikangotsegula pakamwa iwe wayamba kale kuti wamva, wamva, kenako ati msonkhano wayamba. Pepala sungalidule mawu.

Ndiyambira poyambirira penipeni, chifukwa mutu wakowo umasunga za anthu amene anafa kalekale, koma za dzulo umaiwala.

Misala yofufuza za agogo inakugwira utalowa gulu lija la pa intaneti, la zidzukulu za asilikali oyenda pansi amene anamenya nkhondo yaikulu. Anzako ankaikapo zithunzi za agogo awo, ndevu zapamlomo zopotedwa, mamendulo ali mbwee pachifuwa. Iwe nsanje inakugwira. Bambo wamkulu, wa ana ake, kusirira agogo a eni! Unakumbukira kuti nafenso tinali nawo agogo, bambo awo a amayi, amene anapita kunkhondoko, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndinasanduka mesenjala wako.

Unandituma ku ofesi yosunga mapepala akale. Ndinakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi, fumbi lili m'mphuno, nditanamiza abwana kuti ndikudwala dzino. Unanditumanso kunyumba ya asilikali opuma, komwe ndinapeza nkhalamba zogontha zikuwothera dzuwa. Ndinkakuwa dzina la agogo m'khutu mwa aliyense, iwo n'kumandifunsa ngati ndabweretsa sopo. Wina anandigwira dzanja osafuna kulisiya, ati ndine mwana wake. Ndinabwerako ndikulira m'basi, iwe n'kundifunsa ngati ndawajambula.

Iwenso kumeneko sunagone. Unalembera nyumba zosungira zinthu zakale, unagula mabuku, unaphunzira mayina a mitsinje ndi mapiri kumene gulu lawo linadutsa. Pamapeto pake unapeza chiyani? Nambala yawo ya usilikali, ndi mawu akuti anawabweza kwawo chifukwa cha mapazi. Unakhumudwa, ndinamva m'mawu ako. Iwe unkafuna munthu wolanda mzinga ndi manja, osati wa mapazi otupa. Mapazi sangaikidwe pa intaneti.

Za mapazizo amayi akanakuuza ulere ukanawafunsa. Ndi iwo okha padziko pano amene anawaona agogo ndi maso. Amakumbukira kuti ali kamtsikana ankawathirira madzi ofunda amchere m'beseni kuti aviike mapazi, ndipo zala zina zinalibe zikhadabo. Amakumbukira kuti chibwerereni kunkhondo sanavalenso nsapato, ndipo chitseko chikamenyetseka ndi mphepo ankadzigwetsa pansi chafufumimba, ana n'kumaseka. Za nkhondo sankanena. Munthu akawafunsa ankangoti anayenda, anayenda, kenako anawauza kuti azipita kwawo.

Koma iwe ukaimba, amayi umangowafunsa ngati amwa mankhwala, basi, ati ndipatseni achemwali. Munthu amene anasambitsa mapazi a msilikali wakoyo ali pomwepo, iwe uli kalikiliki kufunsa alendo.

Ndiye panabwera nkhani ya chithunzi. Ukuchidziwa, chija cha m'sutikesi ya amayi, asilikali ambiri atafola mizere, agogo ali mzere wakumbuyo chakumapeto. Ukudziwanso chimene banja lathu linachichita chithunzicho. Mlendo aliyense akabwera tinkachitulutsa n'kuloza ndi chala, osati chapatali ayi, koma kudinikiza pankhope penipeni kuti ndi awa. Mwana aliyense wobadwa m'banja muno ankamugwira kachala n'kukaika pamenepo. Iwenso anakugwira, zala zako zili mafuta okhaokha. Zaka zonsezi, chala pamwamba pa chala, nkhope ya agogo inafufutika, n'kutsala kadontho koyera ngati batani la malaya. Mapewa alipo, lamba alipo, mfuti ilipo, anzawo onse nkhope zawo zili bwinobwino, koma agogo athu tinawamaliza ndi kuwakonda.

Amayi zimenezo sizinkawadetsa nkhawa. Ankati nkhope ya bambo awo ili m'mutu mwawo, ndipo kadonthoko kamawathandiza kuwapeza msanga opanda magalasi. Wochita manyazi unali iwe. Ukanaika bwanji agogo opanda nkhope pakati pa agogo a anzako?

Pamenepo n'kuti utayamba kale matsenga ako a pafoni. Ukukumbukira kavidiyo kamene unatumiza, chithunzi cha malemu abambo chikuphethira, chikutembenuza khosi, chikumwetulira, mpaka kutsegula pakamwa n'kupereka moni? Unati tiwaonetse amayi asangalale. Anakuwa n'kuponya foni pampando. Ndinatha masiku ndikuwafotokozera kuti si mzukwa, ndi makina chabe, masiku ano foni imatha kuyendetsa nkhope ya munthu wakufa n'kuilankhulitsa. Anamva, ndipo anasunga. Amayi amaiwala pamene aika makiyi, amaiwala ngati lero ndi Lachiwiri, koma chimene chawaopsa saiwala.

Kenako unandituma kwa wojambula uja wa pafupi ndi siteshoni ya basi, amene amakonza zithunzi zakale pakompyuta. Bamboyo anayang'ana kadonthoko n'kunena kuti palibe chokonza, pokhapokha patapezeka wachibale wofanana ndi malemuwo kuti atengereko. Ndinakuuza kuti tizisiye. Iwe unandipempha nambala yake n'kuyamba kulankhula naye wekha.

Unamuuza kuti abale onse amati iwe ndi agogo ndi munthu mmodzi. Abale ake ati? Anakuuza ndani? Amayi amati agogo anali owonda ngati nsungwi, amakutu aakulu, akuda bii. Iwe ndi masaya ako aja! Koma unamutumizira chithunzi chako cha pa pasipoti, n'kulamula kuti awonjezere ndevu, mamendulo ndi mizere ya usajeni pamkono, udindo umene agogo sanaulote n'komwe.

Wojambulayo ntchito amaidziwa, ndisamunamizire. Anakudetsa pang'ono, anakuveka chipewa, anakukulitsa mpaka kudzaza feremu yaikulu yagalasi. Pansi pake analemba mawu amene unamuuza, akuti msilikali wathu, usa mumtendere. Chinthu chimodzi chokha sanachotse, poti ankayesa chikongoletsa ngati bala la kunkhondo: chipsera cha pansidze yako ya kumanzere. Chija unadzitema pa chitsulo cha bedi uli mwana, amayi n'kuthamanga nawe kuchipatala atakutseka magazi ndi mpango wawo.

Unachiika pagulu paja, ndipo anzako anakuombera m'manja. Unanditumizira ndemanga zawo monyadira, ati taona zimene anthu akunena, akuti unatengera agogo ako ndendende. Abale inu! Munthu kufanana ndi iwe mwini n'kumadabwa. Ine ndinangoti ndi zibwana za pafoni, zithera komweko.

Sindinkadziwa kuti mwapangana ndi alamu ako, amene sangakukanize kanthu chilandirireni jekete lija unawatumizira, kuti feremuyo ibwere kunyumba ngati mphatso yodzidzimutsa pa tsiku lobadwa la amayi. Ine ndili kuntchito, amayi atagona masana, alamu ako anatenga hamala n'kukhoma msomali pabalaza, pakati pa chithunzi cha abambo ndi cha malemu achemwali athu aakulu.

Wakhalitsa kunja, ndiye ndikukumbutse lamulo la nyumba imene unakuliramo. Kwa amayi, amoyo amakhala pa kabati, omwalira amakwera pakhoma. Palibe munthu wamoyo amene anakhomeredwapo msomali m'nyumba muno. Abambo anakwera titangobwera kumanda. Achemwali chimodzimodzi. Iwe wakhala pa kabati zaka zonsezi, ndi chipewa chako cha kuyunivesite, amayi akukupukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Amayi atadzuka analowa pabalaza ndi ndodo yawo. Alamu ako anaima kumbuyo akumwetulira, foni ili m'manja kuti akujambulire chimwemwecho. Amayi anayandikira khoma, anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja n'kukhudza galasi, pansidze pomwe. Anangokhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira kuti mzime wanga, mzime wanga.

Alamu ako anayesa kunena kuti amenewo ndi agogo. Amayi anawayankha kuti bambo awo amawadziwa, mwana wawo wotsiriza amamudziwanso, asawapusitse ngati khanda. Pamene ndimafika kuchokera kuntchito ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana ndi anzake akhala kale pakhonde, nkhope zili zamaliro, akundifunsa kuti thupi lifika liti. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo akudziwa ndi Mulungu yekha.

Ndinachitsitsa chithunzicho n'kuchiika kuseri kwa wadirobu. Zinangoipiraipira. Amayi anati ndikuchibisa chifukwa chinsinsi chaululika.

Za foni ukuzidziwa, koma unaona mbali yako yokha. Ndinakuimbira ya vidiyo, ndinawaikira pamaso, iwe unakweza dzanja n'kumanena kuti ndiwe, uli moyo, uku ukuseka. Unaseka, mlongo wanga. Unandiuza kuti ndi ukalamba chabe, pofika mawa aiwala, ndipo nkhaniyi ukakaifotokoza pagulu paja anthu akafa nako kuseka. Kenako msonkhano.

Utadula, amayi anandibwezera foni ndi manja awiri, mwaulemu. Anati abambo nawonso anaphethira m'kabokosi komweka, anaperekanso moni, chonsecho iwo anawaona ndi maso akutsikira m'manda. Anati za makinawa ine ndemwe ndinawafotokozera. Khomo limenelo unatseka wekha.

Ndayesa zonse. Ndinatulutsa chithunzi chakale chija m'sutikesi kuti aone kuti mapewa ndi lamba ndi zomwezo. Anaika chala pa kadontho n'kunena kuti awa ndi bambo awo, koma wa m'feremu uja ndi mwana wawo, ndipo asilikali onse amavala zofanana. Ana anawaonetsa mauthenga ako, iwo anati wina aliyense akhoza kulemba. Abusa anabwera kudzawatsimikizira kuti uli moyo, amayi anavomera mofatsa kuti inde, mwa Ambuye uli moyo. Abusa anangomwa tiyi wawo n'kutsanzika.

Ndinapitanso kwa wojambula kukamuthira mawu. Anandionetsa mauthenga ako onse, mpaka pamene unamupempha kuti achepetseko masaya. Ndinasowa pomugwira. Wogula anafuna agogo ofanana naye, ndipo anawapeza.

Mawa lija unanena linafika n'kudutsa, masabata adutsa, amayi sanaiwale. Ndipo m'mutu mwawo zonse zagwirizana bwinobwino, kuposa nkhani zako zoti ubwera chaka chamawa. Akuti n'chifukwa chake sunkabwera. Akuti ntchito yako sankaimvetsa, tsopano adziwa kuti unalowa usilikali, nkhondo inakutenga monga inatengera bambo awo, kungoti iwe sinakubweze. Akuti tonse tinkadziwa, n'chifukwa chake mafoni ako ankakhala aafupi, ine n'kumawalanda msanga asanazindikire. Tsiku lina ndinawapeza atachotsa chithunzi chako cha pa kabati, akupempha alamu ako msomali wina.

Koma chimene chinandithyola ndi ichi. Ndikuwasambitsa anayamba kulankhula, osati kwa ine, kwa iwe. Ankakupepesa. Ankati anakuchimwira mwana wawo, zaka zonsezi akhala akukunena mumtima kuti wawataya, osadziwa kuti uli m'nthaka ya eni. Ankati anayenera kudziwa kale, chifukwa mzime wawo sakanatha zaka zonsezo osabwera kudzaona mayi ake akanakhala kuti ali moyo.

Wamva? Kwa amayi ako n'chapafupi kukhulupirira kuti unafa kusiyana n'kukhulupirira kuti ndiwe munthu wotere.

Kudya asiya. Phala amangolawa n'kukankha mbale, tiyi amazizira patebulo. Madiresi akuwalendewera, mphete yaukwati ikuvuka yokha pachala. Ndinapita nawo kuchipatala, adokotala anawapima n'kupeza kuti mtima ndi shuga zili monga kale. Anatipatsa mapiritsi opatsa njala, koma anandiitanira pambali n'kundiuza kuti pa msinkhu wawo thupi losadya silidikira munthu. Ine kuntchito mutu suli pamalo. Sabata yatha ndinawotcha nsalu ya pabedi ndi simbi, chinthu chimene sindinachitepo chiyambireni ntchitoyi.

Ndikudziwa kale zimene uyankhe. Tchuthi n'chovuta, ana ali pasukulu, nyengo si yabwino. Usandiuze. Chaka chatha tchuthi chinapezeka chokwera ndege kupita kudziko lina kukaona manda a asilikali. Tinachiona chithunzicho, iwe utavala tayi, wagwira maluwa, nkhope yachisoni, pa manda a munthu amene ngakhale dzina lake sungalitchule. Agogo ako sali kumeneko. Anabwerera ndi mapazi awo otupa, anamwalirira pabedi lawo, ndipo manda awo ali kuno, kumanda akale kuseri kwa njanji, opanda mwala. Wodziwa malo ake ndi munthu mmodzi yekha, yemweyo akukankha mbaleyo.

Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwe mwendowo sunauone n'komwe, kuti wachepa bwanji.

Usatumize mawu, usatumize vidiyo, usatumize katundu. Usamuuzenso wojambula kuti akonze china. Usandiimbire kuti tikambirane, ndakambirana nawe mokwanira. Sindikukuitana chifukwa ndakusowa. Ndinene zoona, tikakumana sindikudziwa ngati ndidzakupatse dzanja. Ndikukuitana chifukwa chatsala chinthu chimodzi chokha chimene amayi angakhulupirire, ndicho kukugwira.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti mkwiyowu si wa iye. Ana uwauze kuti azakhali awo amawakonda, ndipo agogo awo enieni ndi amoyo, ali kuno. Alamu ako akupereka moni, ali ndi manyazi kwambiri moti pabalaza sakukhalaponso. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe akupatse nzeru zimene sukulu inalephera kukupatsa.

Dzulo amayi anandiitana kuchipinda n'kundigwira dzanja. Anati sakundikwiyira kuti ndinawabisira, akudziwa kuti ndinkaopa kuwapha nazo. Koma ali ndi pempho limodzi asanatseke maso. Anati ndilembere akuluakulu a usilikali, ndiwachonderere kuti atibwezere thupi la mwana wawo, alikhudze ndi manja awo, asagone kwa alendo. Sanandisiye mpaka nditalumbira kuti ndilemba.

Ndalemba. Kalata yake ndi ino. Bweretsa thupilo, mlongo wanga. Libwere likuyenda lokha, ndipo lifulumire.

Ndine mlongo wako,
amene ndikusunga amayi.